Chitsime chanu chikhale ndi kabuku kake

Abale ndi alongo a ku Malowera ndi midzi yonse ya Marávia, mwezi wa Okutobala ukafika nkhani imakhala ya madzi basi. Timitsinje taphwa, madambo auma gwa, ndipo amayi akufukula mchenga wa mumtsinje kuti apeze kadzenje kotungapo. Pamjigo mzere wa zidebe umayamba tambala asanalire. Mijigo ina imatulutsa madzi chaka chonse. Ina imayamba kutsokomola mu Seputembala, n'kukhala chete mpaka mvula itagwa. Palinso malo ena amene galimoto yoboola inabwera, inaboola masiku angapo, n'kubwerera osapeza ngakhale dontho.

Zikatere ena amati ndi tsoka, ena amati malowo anawalodza. Ine ndikuti chifukwa chake chili pansi pa nthaka, ndipo chikhoza kuyezedwa. Ndikutinso inu amene mukuphunzira kulemba ndi kuwerengera muli ndi gawo lalikulu pa ntchito imeneyi. Pempho langa ndi limodzi: chitsime chilichonse ndi mjigo uliwonse zikhale ndi kabuku kake, ndipo malo okumbapo mjigo kapena chimbudzi azisankhidwa poyang'ana zolembedwazo.

Madzi a pansi amakhala kuti?

Ambiri timaganiza kuti pansi pali mtsinje waukulu woyenda ngati Zambezi. Kwathu kuno sizili choncho. Dzazani chidebe ndi mchenga wouma, muthiremo kapu ya madzi. Madziwo alowa onse, chidebe osasefukira. Akhala m'timipata ta pakati pa mchengawo. Madzi a pansi amakhalanso chimodzimodzi, m'timipata ta dothi ndi ta miyala.

Dera lathu, kumpoto kwa Zambezi, lakhala pa thanthwe lakalekale, lolimba kwambiri. Thanthwe lotere silimwa madzi ngati mchenga. Madzi amapezeka m'malo awiri. Malo oyamba ndi pamwamba pa thanthwe, pamene mwala unafumbutuka n'kusanduka dothi lamiyalamiyala. Zitsime zokumba ndi manja zimatunga pamenepa. Malo achiwiri ndi m'ming'alu ya thanthwe lenilenilo. Woboola akalasa mng'alu waukulu, mjigo umakhala wamadzi ambiri. Akauphonya, ngakhale ndi mamita ochepa, amatulutsa fumbi lokhalokha. N'chifukwa chake mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi ikhoza kusiyana kutalitali.

Madzi onsewa ndi a mvula. Nyanja ya Cahora Bassa ili kumwera kwa distrito yathu, koma madzi ake sakwera mapiri kudzadzaza zitsime za ku Malowera. Mvula ikagwa kuyambira Novembala kapena Disembala mpaka Malichi, ina imathamangira kumtsinje, ina imauma ndi dzuwa, ina imamwedwa ndi mbewu. Yotsala pang'ono ndiyo imalowa pansi. Imeneyo ndiyo nkhokwe imene timatapamo miyezi yonse yachilimwe. Mvula ikavuta, monga zinachitikira mu nyengo ya 2015 mpaka 2016 ndiponso ya 2023 mpaka 2024 chifukwa cha El Niño, nkhokweyo siidzaza, ndipo madzi a m'zitsime amatsika msanga.

Madzi a pansi amayenda

Madzi amenewa sakhala malo amodzi. Amayenda pang'onopang'ono kuchokera kumtunda kupita kudambo, kukasupe kapena kumtsinje. Paja akulu anati madzi saiwala khwawa. Mu 1856 katswiri wina wa ku France, Henry Darcy, amene ankayang'anira za madzi a mumzinda wa Dijon, anadzaza mchenga mumpope n'kumathiramo madzi. Anapeza kuti kayendedwe ka madzi kamadalira zinthu ziwiri: kutsetsereka kwa njira yake, ndi mtundu wa dothi limene akudutsamo. Mumchenga wamiyala madzi akhoza kuyenda mita imodzi kapena kuposerapo pa tsiku. Mudongo akhoza kutha chaka osayenda ngakhale mita imodzi. Mumng'alu wa thanthwe amathamanga ngati ali mumpope. Lamulo la Darcy ndi limene akatswiri a madzi akugwiritsabe ntchito mpaka lero.

Izi zikutikhudza chifukwa madzi akamayenda amanyamula zimene apeza m'njira. Amanyamula zonyansa za m'chimbudzi ndi za m'khola la ng'ombe. Amanyamula feteleza ndi mankhwala opopera thonje kapena fodya amene munthu watsukira pafupi ndi chitsime. Kumene anthu amatsuka golide ndi mercúrio, poizoni ameneyo amatsalira m'matope ndi m'madzi. Dothi limasefa zina mwa zonyansazi ngati ulendo wake uli wautali. Ulendo ukafupika, zimafika m'chitsime zikadali ndi mphamvu.

Mu 1854 kolera inapha anthu opitirira 600 m'dera la Soho mumzinda wa London. Dokotala wina, John Snow, anatenga mapu n'kuika chizindikiro pa nyumba iliyonse imene munachitika maliro. Zizindikirozo zinaunjikana mozungulira mpope umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mpopewo kuti anthu asatungenso. Pambuyo pake zinadziwika kuti dzenje la zonyansa linali pafupi kwambiri ndi chitsimecho, osakwana mita imodzi. Chida cha Snow chinali kufunsa khomo ndi khomo, kuwerenga ndi kulemba.

Kolera ife timaidziwa. Inavuta m'chigawo cha Tete kumayambiriro kwa 2015. Inabukanso ku Lago, m'chigawo cha Niassa, mu Seputembala 2022, n'kufalikira m'zigawo zina, Tete yomwe. Kwa anansi athu ku Malawi, mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu opitirira 1,700. N'chifukwa chake a zaumoyo amalangiza kuti chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, patali mamita 30 kapena kuposa, ndipo pansi pa dzenje lake patalikirane ndi madzi a pansi mita imodzi ndi theka. Koma taonani: simungadziwe ngati dzenje lanu layandikira madzi ngati simudziwa pamene madziwo amafika mu Febuluwale, mvula ili pakati. Ndipo pamalo a thanthwe lang'alung'alu, mamita 30 nthawi zina sakwanira.

Akatswiri amadziwa bwanji za pamene sanakumbe?

Palibe munthu amene angakumbe dziko lonse kuti aone zimene zili pansi. Vuto lomweli linali ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, imene makolo ankaitcha ku Joni. Eni migodi ankaboola malo ochepa, n'kumafuna kudziwa golide amene ali pakati pa mabowowo. Mu 1951 injiniya wa ku South Africa, Danie Krige, analemba njira yowerengera zimenezi. Patapita zaka, katswiri wa masamu wa ku France, Georges Matheron, anaikonza bwino njirayo n'kuitcha kriging polemekeza Krige. Lero njira yomweyo imagwira ntchito poyerekeza za madzi a pansi.

Maziko ake ndi nzeru imene mlimi aliyense ali nayo. Minda yoyandikana imafanana nthaka kuposa minda yotalikirana. Tiyerekeze kuti m'chitsime cha kusukulu madzi ali pa mamita 6 kuchokera pamwamba, ndipo m'chitsime cha kumsika ali pa mamita 10. Mukufuna kukumba pakati penipeni pa ziwirizi, pamalo osakwera kapena kutsika kwambiri. Mukhoza kuyembekeza madzi pa mamita ngati 8. Mukasendera kufupi ndi kusukulu, muyembekeza ngati mamita 7, chifukwa chitsime chapafupi ndicho chili ndi mawu akulu. Mwachita kale masamu a Krige m'mutu mwanu.

Kompyuta imachita zomwezi ndi zitsime mazanamazana. Imayamba yafufuza kuti m'dera limenelo kufanana kumafika patali bwanji. Pachigwa chamchenga zitsime zimafanana ngakhale zitatalikirana. Pathanthwe ngati lathu kufanana kumathera pafupi. Kenaka katswiri amagawa dera lonse m'timagawo ting'onoting'ono ngati mabokosi, n'kuuza kompyuta mtundu wa dothi, mvula imene imalowa pansi ndi madzi amene anthu amatunga. Kompyuta imagwiritsa ntchito lamulo la Darcy kuwerengera mmene madzi akuyendera kuchoka m'bokosi lina kulowa m'linzake. Akatero akhoza kuyankha mafunso ofunika. Kodi tikaika pampu ya sola yokoka madzi ambiri pano, chitsime cha anzathu chiuma? Kodi zonyansa zikalowa pansi apa, zidzalowera kuti, ndipo zidzatenga masiku angati kuti zifike pamjigo?

Njira imeneyi ili ndi khalidwe limodzi labwino: imanena poyera pamene ikukayika. Pamene pali zitsime zambiri zoyezedwa, mapu amakhala odalirika. Pamene palibe choyezedwa, mapu amaonetsa kuti apa n'kungoganizira chabe. Kompyuta ili ngati chigayo. Mukathiramo chimanga chabwino, mutenga ufa wabwino. Mukapanda kuthiramo kanthu, chimangolira.

Dziko lathu lili ndi mapu a madzi a pansi amene anatuluka mu 1987. Ndi ntchito yaikulu ndithu. Koma pa mapu amenewo sentimita imodzi imaimira makilomita 10. Mudzi wanu wonse, ndi minda yake yomwe, ndi kadontho chabe. Mapu otere sangakuuzeni kuti mukumbe kuseri kwa sukulu kapena kufupi ndi dambo. Pamafunika manambala a pamudzi penipeni, a mwezi ndi mwezi, kwa zaka zingapo. Katswiri wochokera ku Tete kapena ku Maputo amabwera tsiku limodzi n'kubwerera. Amene amaona chitsime tsiku lililonse ndinu.

Zolemba m'kabuku

Kabuku wamba ka ana asukulu n'kokwanira. Patsamba loyamba lembani dzina la mudzi, dzina la chitsime kapena mjigo, ndi chaka chimene anakumba. Jambulaninso kamapu kosonyeza chitsimecho, zimbudzi, makola, manda ndi dambo, ndipo muonetse kumene kuli kumtunda. Mtunda muyeze ndi mapazi ngati mulibe tepi.

Ngati ndi chitsime chotsegula, pezani chingwe chatsopano, mumange mfundo pa mita iliyonse, ndipo kunsonga kwake mumangirire kabotolo. Ikani chizindikiro pamlomo pa chitsime kuti nthawi zonse muziyambira pamodzimodzi. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse, m'mamawa anthu asanayambe kutunga, tsitsani chingwe mpaka kabotolo kakhudze madzi. Werengani mfundo, mulembe tsiku ndi mamita. Chingwecho chizichapidwa ndi kusungidwa pabwino, chisagwire ntchito ina. Woyeza akhale wamkulu, ana ayi.

Ngati ndi mjigo, musautsegule. Tengani chigubu cha malita 20. Werengani kuti mwapopa kangati madzi asanayambe kutuluka, ndi kangati kuti chigubu chidzaze. Lembani manambala awiriwo. Lembaninso ngati madzi asintha mtundu, fungo kapena kakomedwe, ndi masiku amene mjigo unafa. Mijigo yambiri ya kwathu ndi ya mtundu wa Afridev, imene imakoka madzi mpaka pa mamita ngati 45. Manambala anu adzathandiza mekaniki. Mjigo umodzi ukasintha mwadzidzidzi pamene zitsime zina zili bwinobwino, kawirikawiri ndi timalabala tam'kati tatha. Koma zitsime zonse zikamatsika limodzi chilimwe chikamakula, ndiye kuti madzi a pansi ndiwo atsika, ndipo mwina pofunika kuwonjezera mapaipi.

Patsamba lina lembani masiku amene kwagwa mvula yamphamvu, ndi chiwerengero cha anthu amene atsegula m'mimba sabata imeneyo. Mayina a odwala musalembe. Mukaona kuti matenda amachuluka mvula ikangogwa, ndiye kuti chitsime chanu chikulandira zonyansa. Kauzeni a kuchipatala, ndipo madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira Certeza.

Chomaliza n'chofunika kwambiri. Oboola mjigo amalemba lipoti: anaboola mamita angati, anakumana ndi madzi pa mamita angati, mjigo ukutulutsa malita angati pa ola, ndipo madziwo atayezedwa anapezamo chiyani. Komiti ya madzi ipemphe kope ya lipotilo galimoto isanachoke, kapena ikapemphe ku ofesi ya SDPI ku Fíngoè. Ngakhale bowo litakhala louma, lembani malo ake ndi kuya kwake. Bowo louma limatiphunzitsa pamene sitiyenera kuboolanso. Likaiwalika, patapita zaka ena adzataya ndalama pamalo omwewo.

Mafunso amene mungafunse

Wina anena kuti imeneyi ndi ntchito ya boma. Zoonadi, boma lili ndi udindo. Malamulo aakulu a dziko lathu, pa ndime 98, amati madzi ndi chuma cha pansi pa nthaka ndi za Boma. Lamulo la Madzi, nambala 16 la chaka cha 1991, limalola munthu aliyense kutunga madzi a pakhomo popanda chiphaso kapena msonkho. Pali mabungwe otchedwa ARA oyang'anira madzi a m'mitsinje ndi a pansi, ndipo la dera lathu ndi ARA-Centro, limene kale kuno tinkalidziwa ndi dzina la ARA-Zambeze. Koma Marávia ndi dera lalikulu, misewu yake ndi yovuta m'dzinja, ndipo palibe ofesi imene ingayeze chitsime chilichonse mwezi ndi mwezi. Mutu umodzi susenza denga. Komanso mudzi umene uli ndi manambala umayankhula mwamphamvu. Ku Conselho Consultivo, kunena kuti "tikuvutika madzi" n'kosiyana ndi kutsegula kabuku n'kuonetsa kuti mjigo wakhala ukuuma miyezi itatu chaka chilichonse kwa zaka zitatu. Lamulo nambala 34 la chaka cha 2014 limapatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira uthenga umene maofesi a boma akusunga. Lipoti la mjigo wa m'mudzi mwanu ndi uthenga wotere.

Wina anena kuti makolo ankapeza madzi popanda kompyuta. Ankapezadi. Ankayang'ana pamene pamera mkuyu ndi katope, pamene udzu umakhala wobiriwira mpaka Okutobala, ndi pamene kasupe sankaphwa m'chaka cha chilala. Nzeru imeneyi ndi yamtengo wapatali, ndipo katswiri wabwino amayamba wafunsa akuluakulu asanakhome zitsulo zake zoyezera nthaka ndi magetsi. Vuto n'lakuti nzeru ya pakamwa imapita ndi mwini wake kumanda. Khalani pansi ndi agogo, muwafunse zitsime zimene zinauma ndi zimene zinapirira m'chilala cha 1992, mulembe m'kabuku. Mukatero nzeru yawo idzalowa m'mapu.

Wina anena kuti sanapite patali ndi sukulu. Ngati mumatha kulemba tsiku, mwezi ndi nambala, mwakwanitsa. Aphunzitsi anzanga a makalasi a akulu, ntchito iyi ndi phunziro lokwanira la masamu. Muli kuyeza, kuchotsera ndi kuyerekeza. Madzi anali pa mamita 5 mu Epulo, afika pa mamita 9 mu Okutobala: atsika mamita angati? Wophunzira amene wayankha funso limeneli pa chitsime chake sadzaiwala kuchotsera. Amayi, amene mumadziwa chitsime kuposa wina aliyense, cholembera chikhale m'manja mwanu.

Pali nkhani inanso yovuta, imene tiyenera kuinena mwaulemu koma mosabisa. Mjigo watsopano ukamabwera, aliyense amaufuna pafupi ndi khomo lake. Nthawi zina mawu a munthu wolemekezeka amaposa zimene oyeza apeza. Mafumu athu ndi atsogoleri, tikukupemphani: lolani kuti malo asankhidwe pamsonkhano, kabuku ndi kamapu zili poyera, woyeza atafotokoza zimene wapeza. Mjigo wa patali mamita 300 wotulutsa madzi chaka chonse uposa wa pakhomo umene umauma mu Seputembala. Chimodzimodzinso chimbudzi. Munthu ali ndi ufulu pabwalo lake, koma madzi a pansi sadziwa malire a mabwalo. Chimbudzi chokumbidwa kumtunda kwa chitsime chimadwalitsa mudzi wonse, ndi ana a mwini wake omwe.

Kabuku sikabweretsa mvula, ndipo sikangalonjeze kuti bowo lililonse lidzakhala lamadzi. Pathanthwe ngati lathu, ngakhale akatswiri amaphonya. Chimene kabuku kamachita n'kuchepetsa kuphonyako, kuchenjeza matenda asanafalikire, ndi kupatsa mudzi umboni pokambirana ndi boma kapena mabungwe. Phindu lake silioneka mwezi woyamba. Limaoneka pakatha chaka, zaka ziwiri, zaka zisanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choncho sabata ino kambiranani nkhaniyi m'kalasi mwanu, kenaka mupite nayo kwa a mfumu ndi ku komiti ya madzi. Sankhani anthu awiri olemba, mayi mmodzi ndi bambo mmodzi. Gulani kabuku ndi chingwe. Tsiku loyamba la mwezi wamawa, dzuwa lisanatuluke, kayezeni chitsime chanu ndi kulemba nambala yoyamba.